Musanalipire Google, yambani mwalipira mlembi

Si zachilendonso masiku ano kuona mnyamata kapena mtsikana wophunzira bwino, laputopu ili kumsana, akuyendayenda m'malo ochitira malonda monga pa Namitete, pa Mpingu, ku Nsaru, kwa Kabudula ngakhale ku Nambuma. Uthenga wake kwa eni mabizinesi umakhala umodzi: "Bwana, tikuikani pa Google, makasitomala azikupezani okha."

Lonjezoli ndi lokoma m'khutu, makamaka kwa mmisiri wa matabwa yemwe mipando yake yatha miyezi itatu ikumwa fumbi m'mbali mwa msewu wopita ku Mchinji, kapena kwa kopaletivi yomwe ili ndi matumba a mtedza m'nyumba koma ikungoonana ndi mavenda a sikelo zokayikitsa.

Ine sindikutsutsa zotsatsa malonda pa intaneti. Nkhawa yanga ndi yakuti ambiri akuthamangira kulipira makinawo, n'kuiwala munthu yemwe amalemba mawu omwe makinawo amaonetsa. Maganizo anga ndi akuti ngati mulibe ndalama yolipira mlembi wodziwa ntchito yake, ndiye kuti mulibenso ndalama yolipira Google. Ndalamayo bola mugulire vanishi kapena masaka.

Okushoni ya maso a wogula

Tiyambe taunikirana momwe malondawa amayendera, pakuti safunsa adadya phula.

Munthu akatsegula Google pafoni n'kulemba chomwe akufuna, pamwamba pa mayankho pamabwera timauthenga tingapo tomwe eni ake alipira kuti tioneke. Mwini malonda salipira uthenga wake ukangooneka ayi. Amalipira munthu akaudina ndi chala kuti aone zambiri. Aliyense wodina ndi ndalama yotuluka, kaya agula kaya sagula.

Njira imeneyi idayamba ku America m'chaka cha 1998 ndi kampani ya GoTo.com yomwe adayambitsa Bill Gross. Google idatsegula nthambi yake ya malonda yotchedwa AdWords m'chaka cha 2000, ndipo mu 2002 nayonso idayamba kulipiritsa potengera kudina. Mu 2018 dzinali lidasintha kukhala Google Ads.

Mlimi wa fodya wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula sangavutike kumvetsa zomwe zimachitika mkatimo, chifukwa ndi okushoni ngati ya ku Kanengo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Kanengo ogula ndiwo amapikisana pa belo lanu, pomwe kuno ogulitsa ndiwo amapikisana pa maso a wogula. Aliyense amanena mtengo womwe angalipire munthu mmodzi akadina, ndipo okushoniyo imachitika m'kuphethira kwa diso nthawi iliyonse munthu akafufuza kanthu.

Koma monga ku Kanengo, giredi nayo ili ndi mawu. Google imayang'ana ngati uthenga wanu ukugwirizana ndi zomwe munthuyo walemba, ngati anthu amakonda kuudina, komanso ngati tsamba lomwe akukafikira lili ndi zomwe mudalonjeza. Imaperekanso malikisi kuyambira 1 mpaka 10 kuti mwini malonda aone pomwe ali. Wa uthenga wabwino akhoza kukhala pamwamba pa mnzake wa thumba lalikulu, n'kumalipiranso zochepa.

Apa ndiye pagona nkhani. Mawu olembedwa mwachisawawa amakubayani kawiri: amakweza mtengo wa kudina kulikonse, komanso amakuitanirani anthu olakwika.

Woitanira wolipidwa anthu asanakwere

Tonse tikuwadziwa anyamata oitanira pa depoti. Minibasi ikadzaza, kondakitala amawapatsa yawo. Tsono taganizani mutagwirizana ndi woitanira kuti muzimulipira pa munthu aliyense wosuzumira pakhomo la minibasi, ngakhale asakwere.

Woitanira wotereyu akamangokuwa kuti "Tiyeni! Tiyeni! Malo alipo!" osatchula komwe galimoto ikupita, asuzumira a ku Dedza, a ku Salima, a ku Kasungu, ndipo onsewo mulipira. Wanzeru amakuwa kuti "Mpingu, Namitete, Kamwendo, Mchinji!" kuti wa ku Dedza apitirire ndi ulendo wake osakudyerani kanthu.

Ntchito ya mlembi wa malonda a mtundu umenewu ndi yomweyo. Amaitana wogula weniweni, koma amabwezanso mwaulemu yemwe sangagule. Ntchito yachiwiriyi ndi yomwe anthu ambiri saidziwa, chonsecho ndi yomwe imapulumutsa ndalama.

Tiyeni tichite masamu ongoyerekeza, pakuti mitengo yeniyeni imasinthasintha. Tinene kuti mmisiri wa pa Namitete waika K100 000 pamwezi, ndipo kudina kumodzi kukumudyera K500. Ndiye kuti wagula anthu 200 osuzumira. Ngati mwa anthu amenewa agula tebulo ndi awiri okha, phindu lake n'kukhala K40 000 pa tebulo, wapeza K80 000. Waluza K20 000, osawerengera mayunitsi oyankhira mafoni a anthu ongofunsa.

Tsono tinene kuti mmisiri yemweyo walipira mlembi K60 000, ndipo mawu akonzedwa mwakuti mwa anthu 200 aja ogula akwana asanu ndi mmodzi. Phindu ndi K240 000. Kuchotsapo ya Google ndi ya mlembi, watsala ndi K80 000 m'thumba. Matebulo ndi omwewo, ndalama ya Google ndi yomweyo. Chasintha ndi mawu basi.

Zilembo 30 zokha

Wina akhoza kufunsa kuti, kodi kulemba timizere tiwiri n'chinthu cholipirira munthu? Inde, ndipo chifukwa chake n'chakuti malo ndi ochepa kwambiri.

Mutu wa uthenga pa Google sudutsa zilembo 30, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mzere wofotokozera sudutsa zilembo 90. Mumaloledwa kupereka mitu yofika 15 ndi mizere yofotokozera inayi, ndipo makinawo amaisakaniza okha pofuna kuona yomwe ikukopa anthu. Choncho mutu uliwonse uyenera kuima paokha, komanso kugwirizana ndi unzake uliwonse womwe ungakumane nawo.

M'malo ochepa chonchi mulibe mpata wa "takulandirani kwa akatswiri odziwika bwino pa ntchito zosiyanasiyana". Munthu wa ku Area 47 kapena ku Area 25 yemwe akufuna tebulo lodyerapo akufuna kudziwa zinthu zinayi: ndi la thabwa lanji, ndi la anthu angati, mtengo ukuyambira pati, ndipo lifika bwanji pakhomo pake kuchokera ku Namitete. Mlembi wabwino amayankha zimenezi munthuyo asanadine.

Kutchula mtengo kumaopsa eni malonda ambiri. Amati anthu athawa. Zoona, ena athawadi, koma othawawo ndi omwe sakadagula ngakhale akadadina. Kuthawa kwawo n'kwaulere, pomwe kudina kwawo n'kolipira.

Palinso ntchito ina yomwe imagwiridwa kuseri. Mlembi amasankha mawu omwe munthu akawalemba pofufuza, uthenga wanu uoneke. Amasankhanso mawu oletsa, omwe akapezeka, uthengawo usaoneke.

Tengani dzina loti Namitete. Ambiri olilemba pa Google sakufuna mipando ayi. Ena akufuna chipatala cha St Gabriel's, ena akufuna kudziwa za malo pa Namitete Technical College, ena akufunafuna ntchito. Ngati wokuikirani malonda wangotchera dzina lokhalo n'kuchoka, muzilipirira ana asukulu ndi odwazika matenda. Mlembi wodziwa dera lino amayamba watseka zipata zimenezi ndalama isanayambe kuyenda.

Si bizinesi iliyonse yoyenera kupita kumeneko

Mlembi woona mtima ayeneranso kukhala wokonzeka kukuuzani kuti: "Bambo, malonda anuwa si a pa Google." Wotereyu mugwireni ndi manja awiri, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'madera a kumidzi a boma la Lilongwe muli anthu opitirira 1.6 miliyoni. Ndi msika waukulu ndithu. Koma mayi wa kwa Kabudula akafuna sopo, mchere kapena mbewu, safufuza pafoni. Amafunsa mnzake kumjigo, amamva pawailesi, kapena amadikira tsiku la msika. Mwini golosale, wachigayo, wometa ndi wowotcherera njinga, makasitomala awo ali pamtunda woyenda pansi. Chikwangwani chooneka bwino, chilengezo kutchalitchi, gulu la pa WhatsApp kapena kanthawi pa wailesi ngati Zodiak, MBC ndi Radio Alinafe zingawathandize kuposa Google.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Ngakhale Google idaika Chichewa m'makina ake omasulira mu 2014, chiyankhulo chathuchi sichili pamndandanda wa ziyankhulo zomwe kampaniyi imavomereza m'malonda olipira. Uthenga wa pa Google uyenera kukhala m'Chingerezi kapena chiyankhulo china chomwe iwo amachilola. Wofuna kuyankhula ndi anthu m'Chichewa, bwalo lake ndi Facebook ndi WhatsApp, komwe Amalawi ambiri a mafoni amakono amacheza kale.

Nanga oyenera kupita pa Google ndani? Ndi omwe wogula wawo ali kutali, amadziwa chomwe akufuna, ndipo akagula amagula chinthu cha ndalama zambiri. Amisiri a mipando omwe akufuna misika mumzinda wa Lilongwe. Makopaletivi a mtedza, soya ndi nyemba omwe akufuna ogula matani, osati ndowa. Eni malo ogona alendo ndi ochitira misonkhano m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Oweta nkhuku ndi nkhumba omwe angathe kupereka katundu sabata ndi sabata kumahotela.

Tisaiwalenso abale athu omwe ali ku Johannesburg, Cape Town ngakhale ku London, omwe akumanga nyumba kumudzi ndipo akufuna zitseko, mafelemu ndi mabedi popanda kutuma mlamu yemwe angadye theka la ndalamazo panjira. Amenewa amafufuzadi pa intaneti, ndipo uthenga ukhoza kutcheredwa kuti uzioneka kumizinda yomwe iwo ali.

Choncho mlembi yemwe tikufuna kuno ayenera kukhala wa manja awiri. Azitha Chingerezi chachidule ndi chomveka cha pa Google, azithanso Chichewa chokoma cha pa Facebook, osati chija chomasulira liwu ndi liwu chomwe munthu umachita kuwerenga kawiri kuti umve.

Mumudziwa bwanji wodziwa ntchito?

Chizindikiro choyamba n'chakuti amafunsa mafunso ambiri asanatchule mtengo wake. Kodi mumagulitsa kwa yani? Amadandaula chiyani akagula? Mungapange matebulo angati pamwezi? Phindu lanu pa chinthu chimodzi ndi zingati? Yemwe wangofika n'kuyamba kukuonetsani zithunzi zokongola pakompyuta osafunsa kanthu, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Chachiwiri, amalolera kukwera minibasi kudzaona ntchito yanu. Kuchoka mumzinda kufika pa Namitete ndi ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Munthu yemwe sadanunkhizepo utuchi wa m'shedi mwanu, sadziwa kusiyana kwa paini, bulugamu ndi mbawa, alemba chiyani choposa zomwe wina aliyense angalembe?

Chachitatu, amaopa bodza. Malamulo a dziko lino oteteza ogula, kuphatikizapo lamulo la 2003, amaletsa kutsatsa malonda monamiza anthu, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo otere. Wopalamula pamaso pa lamulo ndi pamaso pa wogula amakhala mwini malonda, osati mnyamata wa laputopu uja.

Chitsanzo ndi mtedza. Ogula akuluakulu, makamaka otumiza kunja, funso lawo loyamba limakhala la chuku, poizoni uja amabwera mtedza ukapanda kuuma kapena kusungidwa bwino. Mlembi wosasamala angolemba kuti mtedza wanu ulibe chuku chifukwa mawuwo akukoma. Wodziwa ntchito akufunsani ngati mudakauyezetsa, ndipo ngati simudatero salemba. M'malo mwake atchula zomwe zili zoona: mtundu wake, kaya ndi CG7, Chalimbana kapena Nsinjiro, kuchuluka kwa matumba, ngati ndi wosenda ndi wosankha, ndi komwe galimoto ingakatengere. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ali pakhomo pathu pomwepa, ndipo alangizi angakuuzeni koyambira pa nkhani yoyezetsa.

Chimodzimodzinso ndi matabwa. Mitengo yachilengedwe monga mlombwa ndi mbawa ndi yotetezedwa ndi malamulo a zankhalango. Kulengeza dziko lonse kuti muli ndi mlombwa wambirimbiri pomwe mulibe chikalata chosonyeza komwe mudaugula ndi kudziitanira nokha alendo omwe simudawaphikire.

Zithunzi nazo zisakhale zobedwa. Pali chizolowezi chotenga zithunzi za mipando m'masitolo a ku South Africa n'kumati ndi ntchito ya manja athu. Kupatula kuti lamulo la 2016 loteteza umwini wa luso silikondwera nazo, wogula akalandira chinthu chosiyana ndi chomwe adaona, sabweranso, ndipo amauza anzake khumi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

"Mphwanga amadziwa kompyuta"

Ndikudziwa zomwe ena anene. Choyamba ndi chakuti pakhomo pali mwana kapena mphwawo yemwe adalemba Fomu 4 ndipo foni amaidziwa ngati chikhatho chake. Bwanji osangomutuma iyeyo?

Kudziwa foni ndi kudziwa kugulitsa ndi zinthu ziwiri. Aliyense angathe kugwira sowo, koma si aliyense mungamupatse thabwa lanu la mbawa kuti aphunzirirepo. Pa Google, wophunzira amaphunzirira pa ndalama zanu, ndipo makinawo sadandaula. Amalandira ndalama ya uthenga woipa mofanana ndi ya uthenga wabwino. Ngati mwanayo ali ndi chidwi, muikeni pambali pa mlembiyo kuti aphunzire, ndipo pakatha chaka mwina adzagwira yekha.

Ena anena za makina anzeru monga ChatGPT, omwe adatulukira kumapeto kwa 2022, kuti amalemba mitu khumi ndi isanu m'kamphindi popanda kulipira. N'zoona, ndipo mlembi wanzeru amawagwiritsa ntchito ngati khasu. Koma makinawo sadziwa kuti nthawi ya dzinja msewu wopita kumudzi kwanu umavuta moti simungalonjeze kufikitsa katundu tsiku lomwelo. Sadziwa kuti makasitomala anu ambiri amagula kumapeto kwa mwezi, kapena msika wa fodya ukatsegulidwa. Sadziwa kuti wogula wa kuno amaopa kutumiza ndalama pafoni kwa munthu yemwe sadamuone, kaamba ka akamberembere omwe abera anthu ambiri pa Airtel Money ndi Mpamba. Mlembi wodziwa mantha amenewa amalemba kuti wogula akhoza kubwera kudzaona kaye, kapena kulipira theka katundu akafika. Mzere umodzi wotere ungagulitse kuposa mawu onse okometsera.

Achitatu ati alembi otere ndi odula. Masamu tachita pamwambapa ayankha kale. Chodula kwenikweni ndi kulipira anthu 200 omwe sadabwere kudzagula. Ndipo ngati mmisiri mmodzi sangakwanitse, amisiri asanu a pamalo amodzi akhoza kusonkherana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Makopaletivi ndiye ali kale ndi mwayi umenewu.

Pangano likhale papepala

Mukamupeza munthu wanu, musangogwirana chanza. Lembani pangano, ngakhale la tsamba limodzi, ndipo mfundo izi zisasowemo.

Akaunti ya Google ikhale m'dzina la bizinesi yanu kapena la kopaletivi, pa imelo yanu, ndipo mawu achinsinsi olowera akhale ndi inu. Mlembi apatsidwe chilolezo cholowa ngati wantchito, chomwe mungachichotse tsiku lililonse. Mukalola kuti zonse zikhale m'dzina lake, tsiku lomwe mudzasemphane adzapita ndi mbiri yonse ya malonda anu, ngati wobwereka munda yemwe wachoka ndi mbewu yomwe.

Malipiro a mlembi asiyanitsidwe ndi ndalama yopita ku Google. Musalole kuuzidwa kuti "ingotipatsani K200 000 tiona zochita". Muzidziwa kuti yakuti ndi ya ntchito yake, yakuti ndi ya kudina, ndipo malisiti a Google muziwaona ndi maso anu.

Musamulipire potengera kuchuluka kwa anthu odina. Mukatero mwamusandutsa woitanira uja wokuwa kuti malo alipo. Mulipireni mtengo wokhazikika pa ntchito yoyamba, ndi kena pamwezi kounikira ndi kukonza mawu. Ngati mukufuna kumuwonjezera kanthu, kakhale pa katundu wogulidwa.

Muike malire a ndalama patsiku, koma mudziwe kuti Google ikhoza kudya mpaka kawiri ndalama ya tsikulo ikaona kuti ofufuza achuluka, ngakhale pakutha pamwezi siipitirira ndalama ya tsiku limodzi kuchulukitsa ndi 30.4. Mlembi yemwe sadziwa zimenezi sadayambe wagwirapo ntchitoyi.

Mwezi uliwonse akupatseni lipoti lomwe inu mungalimve, m'Chichewa ngati n'kofunika. Lisakhale la "anthu zikwizikwi aona uthenga wanu", pakuti maso sagula sopo. Linene kuti mwalipira zingati, adaimba foni ndi angati, adagula ndi angati, ndipo anthu amalemba mawu anji kuti akupezeni. Inunso musunge kope ndipo aliyense woimba muzimufunsa kuti wamva kuti za inu.

Muyambe ndi nthawi yoyeserera ya miyezi iwiri kapena itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kukhale ndi malire. Ikatha nthawiyo phindu osaoneka, imitsani popanda manyazi.

Dola silimera m'munda

Pali chifukwa china chomwe Mmalawi ayenera kusamala kuposa wamalonda wa ku America. Ndalama ya Google imachoka kudzera pa khadi la kubanki, ndipo imachoka ngati ndalama yakunja. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi K44 pa K100 iliyonse mu November 2023. Nthawi iliyonse zoterezi zikachitika, kudina komwe kuja kumafuna makwacha ochuluka, pomwe mtengo wa tebulo sungakwere tsiku lomwelo.

Tonse taona momwe kusowa kwa ndalama zakunja kwavutitsira dziko lino pa mafuta, feteleza ndi mankhwala. Dola lililonse lotayidwa pa munthu wodina molakwika latuluka m'dziko osabwereranso. Ndalama yolipira mlembi wa kuno imatsala konkuno, imagula ufa pa Mpingu ndi kulipira fizi. Ngakhale pa chifukwa chokhachi, n'kwanzeru kuchepetsa ya makina n'kuwonjezera ya munthu.

Ndipo musanatulutse ngakhale tambala, pali zaulere zoyamba kuchita. Kulembetsa bizinesi yanu pa mapu a Google, ndi nambala ya foni, maola ogwirira ntchito ndi zithunzi zenizeni, sikulipiritsa. Mlembi wabwino amayambira pamenepo.

Komanso mawu okoma sangapulumutse foni yozima. Munthu akadina n'kuimba, wina ayankhe, ndipo ayankhe mwaulemu ndi mtengo uli pakamwa. Kulipira Google kenako foni n'kukhala ili kotchajitsa tsiku lonse kuli ngati kuitana alendo n'kutseka chitseko.

Kwa achinyamata ndi asukulu

Mawu anga otsiriza apite kwa achinyamata omwe akufuna kudya za ntchitoyi. Ulova wavuta, ndipo palibe cholakwika kufuna mpamba kudzera m'luso la kompyuta. Koma madera athuwa ndi ang'ono, anthu amadziwana. Mukadya ndalama ya kopaletivi imodzi ku Nsaru popanda chooneka, mbiri ifika ku Nambuma dzuwa lisanalowe, ndipo mwatsekera chitseko anzanu onse obwera pambuyo. Phunzirani kulemba, phunzirani masamu a phindu, ndipo phunzirani kunena kuti ayi pomwe malonda sakuyenera.

Sukulu za ntchito zamanja monga ya pa Namitete, pamodzi ndi bungwe la Teveta, ziganizirepo zophunzitsa amisiri momwe angafotokozere ntchito yawo m'mawu ochepa ndi oona. Tatulutsa akalipentala ndi omanga ambiri aluso omwe manja awo amayankhula koma pakamwa pali chete, mapeto ake phindu limadyedwa ndi apakatikati.

Kwa inu eni malonda, ulendo wina akadzafika wa laputopu uja, mupatseni mpando, mumvetsereni, kenako mufunseni funso limodzi: "Kodi mawuwo alemba ndani, ndipo akudziwa chiyani za katundu wangayu?" Akayankha zomveka, kambiranani za pangano. Akayamba kuzungulira, muthokozeni, ndalama yanu ibwerere m'thumba.